Kodi Mayeso a Tsiku Limodzi Akwana Kuyesa Munthu?

A Mkonzi, ndipempha malo pang'ono m'magazini athu kuti ndiyankhule ndi anzanga, makamaka a Fomu 3 ndi Fomu 4, pamodzi ndi aphunzitsi athu olemekezeka, za phunziro lina la ku yunivesite limene ambiri a ife sitinamvepo dzina lake. Phunzirolo alitcha Computer Architecture, ndiko kunena kuti kamangidwe ka kompyuta. Wina adzati, "Kodi mwana wa sekondale wa kuno ku Wimbe, amene sanalembe n'komwe mayeso a MSCE, za ku yunivesite zimkhudza bwanji?" Ine nditi zimkhudza ndithu, pakuti safunsa anadya phula. Anzathu ambiri podzaza mafomu osankha maphunziro angolemba za kompyuta chifukwa dzinalo limveka bwino m'makutu a makolo, osadziwa katundu amene akasenze kumeneko. Koma chimene chandigwiritsa cholembera makamaka ndi ichi: mayesedwe a phunziro limeneli asiyana ndi athu, ndipo ine ndiganiza kuti m'zinthu zina alungama koposa athu.

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri. Kuno tikati tiphunzira kompyuta, titanthauza kutaipa kalata, kukonza matebulo a manambala ndi kusunga mafailo. Zimenezi nzabwino, koma zifanana ndi kudziwa kupalasa njinga. Kamangidwe ka kompyuta ndiko kuimasula njingayo, kuwerenga masipoko, ndi kuzindikira chifukwa chake tcheni chiyendetsa gudumu la m'mbuyo. Wophunzira afunsidwa kuti: makina opanda moyo, opanda ubongo, aphatikiza bwanji manambala? Asunga kuti zimene wawapatsa? Adziwa bwanji chochita potsatira?

Mafunso amenewa ngakale kuposa agogo athu ena. Mu 1945 katswiri wa masamu John von Neumann analemba lipoti lonena za makina otchedwa EDVAC, m'mene anafotokoza kuti malangizo a makina ndi manambala ogwirira ntchito zisungidwe m'memori imodzi, ndipo makinawo azitenga langizo limodzi limodzi, kulimasulira, ndi kulichita. Mu 1948 akatswiri a ku Manchester anayendetsa pulogalamu yoyamba pa makina omangidwa motero. Foni imene ena a inu mubisa m'bokosi ku hositelo (sinditchula maina) itsata mwambo womwewo kufikira lero. Chasintha ndi ukulu ndi liwiro. Purosesa ya Intel 4004, ya mu 1971, inali ndi tiranzisita 2,300. Ya m'foni ya masiku ano ili nazo mabiliyoni.

Ku Malawi kuno maphunziro a kompyuta apezeka ku University of Malawi ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, imene kufikira 2021 inali Polytechnic, ku MUST ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, ndi ku Mzuzu University, ndiponso m'makoleji ena amene si a boma. Sukulu iliyonse ili ndi ndondomeko yakeyake, koma mafupa a phunziroli ndi amodzi kulikonse, kuno ndi kunja komwe. Litenga semesita imodzi, ndiyo miyezi ngati inayi. Sabata iliyonse muli maola amene mphunzitsi aima kutsogolo nafotokoza, ophunzira nalemba. Muli maola ena amene akhala m'timagulu kuthetsa masamu. Ndipo muli maola a m'labu, m'mene munthu aliyense agwira ntchito ndi manja ake.

Ayamba ndi zazing'ono. Sabata zoyamba aphunzira kuwerenga ndi manambala awiri okha, 0 ndi 1, pakuti waya adziwa zinthu ziwiri basi: muli magetsi kapena mulibe. M'kawerengedwe kameneka 13 alembedwa 1101, ndiko kuti 8 ndi 4 ndi 1, ndipo 1 kuphatikiza 1 apereka 10. Musaseke, mphunzitsi wathu wa masamu avomereza. Akatha apo aphunzira zipata, timene ndi tizipangizo tolola kapena kukana magetsi. Chipata cha AND chifanana ndi maswichi awiri ondondozana pa waya mmodzi: babu siliyaka kufikira onse awiri atayatsidwa. Chipata cha OR chifanana ndi maswichi awiri a njira ziwiri zolowera ku babu limodzi: limodzi likwana. Ndi zipata zotere amanga kachipangizo kophatikiza manambala, ndipo pophatikiza tizipangizo tambiri amanga purosesa yathunthu. Pamenepo aphunzira chiyankhulo chenicheni cha makinawo, cha malangizo aafupi ngati "tenga ichi, phatikiza ndi icho, ika apo." M'masukulu ambiri a dziko lapansi agwiritsa ntchito malangizo a RISC-V, amene anayambika ku yunivesite ya California ku Berkeley mu 2010, chifukwa munthu aliyense aloledwa kuwagwiritsa ntchito osalipira.

Gawo limene landikondweretsa ine koposa ndi la memori, chifukwa mayi aliyense wa ku Wimbe alidziwa kale ngakhale sanaone kompyuta. Chimanga chambiri chikhala m'nkhokwe, koma nkhokwe ili panja ndipo kutapamo kutenga nthawi. Ufa wa sabata ukhala m'thumba m'nyumba. Ufa wa mphika wa lero ukhala m'mbale pambali pa mafuwa. Ndipo pang'ono ukhala m'dzanja, wothira tsopano lino. Mayi amene angapite ku nkhokwe pa dzanja lililonse la ufa, ana ake agona ndi njala. Chomwechonso purosesa: ili ndi timalo ta m'dzanja totchedwa marejisita, kambale kapafupi kotchedwa cache, thumba la memori yaikulu, ndi nkhokwe ya disiki. Luso la mmisiri wa kompyuta ndi kudziwiratu ufa umene ufunike posachedwa ndi kuusendeza pafupi. Palinso nzeru ina yofanana ndi ya oumba njerwa: wina aponda dothi, wina adzaza chikombole, wina anyamula kukayanika, ndipo palibe amene adikira kuti njerwa yoyamba iume asanayambe yachiwiri. Purosesa nayo iyamba langizo lachiwiri loyamba lisanathe.

Pomalizira aphunzira kuyesa liwiro. Pano pali lamulo la Gene Amdahl, la mu 1967, limene ndifuna kulifotokoza ndi nsima ya kukhitchini kwathu. Tiyerekeze kuti kuphika kutenga mphindi 60: mphindi 40 kudikira madzi kuti awire, ndi mphindi 20 kuvundula. Aphunzitsi aakulu atalemba wophika wachiwiri kuti kuvundula kufulumire kawiri, mphindi 20 zija zisanduka 10, ndipo ntchito yonse itenga mphindi 50. Ngakhale atalemba ophika 100, nsima siingapse mphindi 40 zisanakwane. Wanzeru asonkhezera moto. John Hennessy ndi David Patterson, amene buku lawo la phunziroli linatuluka koyamba mu 1990 ndipo analandira mphoto ya Turing ya chaka cha 2017, anamanga chiphunzitso chawo pa mfundo yomweyi, yakuti mmisiri ayese ndi kuwerengera, asangoganiza.

Tsono tifike pa mtima wa nkhani. Kodi munthu amene waphunzira zonsezi amuyesa bwanji?

Malikisi ake agawidwa pawiri. Gawo lina lichokera ku ntchito za m'kati mwa semesita: masamu opita nawo kuchipinda, timayeso tating'ono ta pakati, ntchito za m'labu, ndipo nthawi zina ntchito imodzi yaikulu, monga kumanga purosesa yaing'ono pa pulogalamu yoyerekezera ndi kuonetsa kuti iyendadi. Gawo lina lichokera ku mayeso omaliza, olemba pa pepala m'holo monga tichitira ife. Kagawidwe kamene kamveka kawirikawiri ndi malikisi 40 pa 100 a ntchito za m'kati ndi 60 a mayeso omaliza, ngakhale aphunzitsi ena ndi masukulu ena agawa mwina. Chotero wophunzira polowa m'holo ali kale ndi kanthu m'thumba, kapena adziwa kale kuti m'thumba mulibe kanthu. Amene walephera pang'ono apatsidwa mayeso obwereza, amene iwo awatcha sapu.

Yerekezani ndi ife. Tikhala pa sekondale zaka zinayi. Tilemba timayeso tosawerengeka, tiyesa zinthu m'labu, tilima dimba la sukulu. Koma tsiku losankha opita ku yunivesite, zonsezo sizioneka. Chioneka ndi mapointi a maphunziro asanu ndi limodzi a MSCE, amene atuluka m'masabata ochepa a mayeso a MANEB. Inde, maphunziro a sayansi ali ndi pepala la ntchito za manja, koma nalonso nla tsiku limodzi. Mwana amene wagwidwa malungo sabata imeneyo, kapena amene kwawo kwagwa maliro, zaka zake zinayi ziyesedwa ndi mutu wopweteka.

Ife ana a alimi a fodya tichidziwa chinthu chimenechi kuposa ana a m'tauni. Bambo afesa nazale dzuwa likali kuswa mtengo, nathirira m'mawa ndi madzulo. Mvula ikagwa awokera, athira feteleza wa ngongole, apalira, adula nsonga, athyola, asoka, apachika m'chigafa, asankha masamba, adinda mabelo. Ndipo ku okushoni ku Chinkhoma wogula adutsa pa belo kanthawi kochepa, nasolola masamba angapo, natchula mtengo. Thukuta la chaka chonse lithera pamenepo. Pa fodya mwina palibe njira ina, pakuti wogula agula tsamba, sagula thukuta. Koma mwana wa sukulu si belo. Dziko likamtenga kuti akhale dokotala kapena injiniya, litenga munthu yense pamodzi ndi khama lake la tsiku ndi tsiku, ndipo khama limenelo liyenera kukhala ndi poonekera.

Palinso chifukwa china chimene kamangidwe ka kompyuta sikangayesedwe ndi pepala lokha. Munthu angathe kuloweza pamtima kuti purosesa itenga langizo, ilimasulira, ilichita, nalemba mawuwo bwino lomwe m'mayeso, koma osatha kulumikiza zipata zitatu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'labu chinyengo chotere sichikhalitsa. Ukalumikiza waya molakwa, makina sakumvera chisoni ndipo sasamala kuti kalembedwe kako nkokongola: 5 kuphatikiza 3 atulutsa 6, ndipo ukhala pamenepo mpaka utapeza pamene waphonya. Ine ndiona kuti kufunafuna kumeneko ndiko kuphunzira kwenikweni, ndipo mayesedwe amene akupatsa malikisi ndi abwino kuposa amene akunyalanyaza.

Sitisowa kupita ku America kukafuna umboni. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, kuno ku Wimbe komwe, anasiya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Anabwereka ku laibulale ya pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe buku lotchedwa Using Energy, ndipo ndi mitengo ya bulugama, zitsulo za njinga ndi zina zotola kudzala, anamanga makina a mphepo amene anayatsa mababu m'nyumba mwawo. Anthu ankati wachita misala. Mu 2007 anakayankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha, ndipo mu 2014 anatsiriza maphunziro ku Dartmouth College. Funso langa ndi ili: chaka chija anamanga makinawo, ndi pepala liti la mayeso athu limene likanampatsa ngakhale likisi limodzi chifukwa cha ntchitoyo? Palibe. M'kaundula wa sukulu iye anali mwana wosiya sukulu basi.

Koma ndisakhale ngati wogulitsa mankhwala pamsika, amene ati botolo lake lichiza nthenda zonse. Malikisi a m'kati mwa semesita ali ndi zovuta zake, ndipo zina nzazikulu.

Choyamba, akondera wolemera. Wophunzira amene bambo wake anamgulira laputopu achita ntchito yake usiku pabedi pake, nayesa kakhumi. Mnzake wochokera kumudzi adikira pa mzere ku labu, ndipo nthawi yake ikakwana magetsi azima. Tikumbuke kuti mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo dziko lonse linakhala m'mdima wa pafupipafupi miyezi yambiri. Pa nthawi yotere tsiku lopereka ntchito silisuntha lokha. M'holo ya mayeso, mwana wa nduna ndi mwana wa mlimi wa tenanti apatsidwa pepala limodzi, cholembera chimodzi ndi maola ofanana. Chilungamo chimenecho sitiyenera kuchitaya mopepuka.

Chachiwiri ndi kukopera, ndipo pa ichi sindifuna kuti tinamizane, chifukwa tonse tidziwa mmene kope la masamu liyendera m'hositelo usiku wa Lamulungu. Ntchito ya gulu la anthu asanu kawirikawiri ichitidwa ndi mmodzi, ena anayi nalemba maina awo pachikuto. Mutu umodzi susenza denga, inde, koma pali mitu ina imene ingoyenda pansi pa denga losenzedwa ndi anzawo. Ndipo kuyambira kumapeto kwa 2022, pamene ChatGPT inatuluka, sipafunikanso mnzako woti umkopere. Makina akulembera yankho m'kamphindi. (Chodabwitsa nchakuti munthu apempha kompyuta kuti imfotokozere mmene kompyuta igwirira ntchito, napereka yankholo kwa mphunzitsi osalimvetsa.) Apanso ndionjeze za alongo athu. M'timagulu totere anyamata alanda mpando wa pa kompyuta, ndipo mtsikana auzidwa kuti alembe lipoti chifukwa alemba bwino. Anyamata otere adziwe kuti makina a ENIAC, amene anaonetsedwa ku Philadelphia mu 1946, oyamba kuwakonzera mapulogalamu anali akazi asanu ndi mmodzi.

Chachitatu ndichitchula mwaulemu, aphunzitsi anga mundikhululukire. Pepala la MANEB lichongedwa ndi munthu wosakudziwa, amene aona nambala yako yokha. Malikisi a m'kalasi apatsidwa ndi munthu amene akudziwa nkhope, adziwa kuti unachedwa ku pemphero, ndipo mwina anakupatsa chibalo dzulo. Aphunzitsi athu ndi anthu olungama, koma ndi anthu.

Nanga titani? Ena adzati, popeza njira zonse ziwiri zili ndi chilema, tikhale ndi imene tinazolowera. Ine sinditero. Ndiona kuti a ku yunivesite anachita bwino posunga zonse ziwiri, kuti ina iziteteza inzake, ndipo anachitanso bwino posiya gawo lalikulu kwa mayeso omaliza. Wokopera adzakolola malikisi ake 40, koma holo idzamuulula. Wodwala tsiku la mayeso adzataya ena mwa 60, koma ntchito yake ya miyezi inayi idzamgwira dzanja. Chimene ine ndikanaonjeza, ndikanakhala mphunzitsi wa phunziroli, nchakuti ntchito ya m'labu isalandiridwe pa pepala pokha. Wophunzira aime pamaso pa mphunzitsi mphindi zisanu, aloze waya ndi chala, nanene chifukwa chake anaulumikiza pamenepo. Ndipo mphunzitsi achotse waya mmodzi namfunse chimene chichitike. Wokopera sangapirire funso lachiwiri. Njira imeneyi idya nthawi ya mphunzitsi, makamaka kalasi likakhala lalikulu, koma sifuna ndalama ngakhale tambala imodzi.

MSCE sitingaisinthe ife. Imeneyo ndi nkhani ya a Unduna wa Maphunziro ndi a MANEB. Koma lipoti la teremu nlathu, lilembedwa pano. Chotero pempho langa loyamba kwa aphunzitsi aakulu ndi aphunzitsi a sayansi ndi lakuti, pa maphunziro a Fizikisi ndi Kompyuta, gawo la malikisi a pa lipoti lichokere ku ntchito za manja za m'kati mwa teremu, ndipo tiuzidwe tsiku loyamba kuti gawolo ndi lotani, monga ophunzira a ku yunivesite apatsidwa pepala la ndondomeko sabata yoyamba. Munthu amene wazolowera kugona masabata khumi ndi kuwerenga ndi tochi masiku atatu otsiriza adzafika ku Zomba kapena ku Thyolo ali ndi chizolowezi chimene chidzamtayitsa malikisi 40 asanadzidzimuke. Kuli bwino chizolowezicho chithyoke kuno, kumene kulephera kungobweretsa mawu a bambo pa holide, kusiyana ndi uko kumene kubweretsa kalata yokuchotsa sukulu.

Pempho lachiwiri nla kwa anzanga. Aphunzitsi awiri, Noam Nisan ndi Shimon Schocken, anakonza maphunziro odziwika ndi dzina lakuti Nand to Tetris, amene buku lake linatuluka mu 2005. M'menemo muli ntchito 12, kuyambira pa chipata chimodzi kufikira kompyuta yathunthu yotha kuyendetsa kasewero, ndipo mapulogalamu ake apezeka pa intaneti kwaulere nayenda pa kompyuta wamba, ngakhale yokalamba ngati za m'chipinda chathu. Koma tisanafike kumeneko, zipata zoyamba sizifuna kompyuta konse. Zifuna mabatire awiri a tochi, babu laling'ono, waya, timisomali, tizidutswa ta chitini topinda kuti tikhale maswichi, ndi kathabwa. Ndi zimenezi timanga AND ndi OR tsiku limodzi. Tsiku lachiwiri timanga swichi ya njira ziwiri, imene iyatsa babu pokhapo pamene maswichi awiri asiyana, ndipo tikaiphatikiza ndi AND tidzakhala ndi makina ophatikiza 1 ndi 1, otipatsa 10 ndi mababu awiri.

Aphunzitsi a Fizikisi akatilola labu, ndipempha kuti tizikumana Loweruka madzulo tikatha kuchapa. Amene ali ndi tochi yakufa kapena wailesi yotayidwa kumudzi abwere nayo potsegulira teremu ikudzayi. A Fomu 1 abwerenso, pakuti zala zawo nzazing'ono ndipo zipinda waya bwino kuposa zathu.

Wophunzira wa Fomu 4